Nesi Amene Sankanamiza Odwala

M'nyumba imeneyo munkakhala mabodza awiri, ndipo Nesi anapemphedwa kuti awasamalire onse pamodzi ndi wodwala.

Loyamba linali la matenda. Dokotala anali atanena momveka bwino kuti khansa ya Amayi yafalikira mpaka m'mafupa, chipatala chachita mbali yake, wodwala akapumire kunyumba. Ana awo awiri anamvetsera, anagwedeza mitu, kenako anapita kuwodi kukauza Amayi kuti akutulutsidwa chifukwa ayamba kupeza bwino. Amayi anati Ambuye alemekezeke, n'kufunsa kumene kunali nsapato zawo.

Lachiwiri linali la Nesi mwiniwake. Iye ndi Mzime, mwana wamwamuna wa Amayiwo, anali pachibwenzi matenda asanalowe m'nyumba. Anakumana kuchipatala Mzime ataitanidwa kudzakonza firiji ya mankhwala, n'kupeza kuti firijiyo inalibe vuto, kungoti wina anali atazula pulagi kuti atchaje foni. Winayo anali Nesi. Mzime ankati akamuonetsa kwawo mwezi wamawa, mwezi wamawa n'kubala mwezi wamawa unzake, mpaka Amayi anayamba kudwala. Apo m'pamene Asisi, mlongo wake wamkulu, anaona chithunzi cha Nesi mufoni ya Mzime n'kufufuza ntchito ya mtsikanayo. Atamva kuti tsopano ali kubungwe lotumiza manesi m'makomo mwa odwala amene chipatala chawabweza, anaomba m'manja kamodzi.

"Mkazi wotseka maso anthu akufa? Ameneyo akhale mlamu wanga? Amayi asamve n'komwe, ungawaphe tsiku lisanakwane."

Tsikulo litayandikiradi, amene anafunika anali yemweyo wotseka maso. Asisi anavomera kuti azibwera, koma azilowa ngati nesi n'kutuluka ngati nesi.

* * *

Tsiku lina m'mawa Nesi anapeza Mzime pageti, atatsamira galimoto yake ya ntchito, ndevu zosameta.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera, bambo. Odwala agona bwanji?"

"Usamanditchule bambo."

"Ndikutchule chiyani? Asisi ali pawindo. Taona katani ikupuma yokha."

Mzime sanacheuke. Anatsitsa mawu. "Dzulo andifunsa chifukwa chake sitikubwereranso kuchipatala. Ndawauza kuti dokotala ali patchuthi."

"Dokotala ameneyu tchuthi chake ndachisirira."

"Sindikuseka. Akakufunsa iwe, unene zomwezo."

"Ndinakuuza tsiku loyamba. Nkhani imeneyi sindiyambitsa. Si ntchito yanga kukankha chitseko chimene wodwala watseka. Koma akatsegula okha n'kundifunsa, sindinama."

"Si bodza. Ndi kuwapatsa chiyembekezo."

"Chabwino, bambo."

"Iwe, chonde. Chifukwa cha ine."

Nesi anamuyang'ana. Maso ake anali ofiira, kolala itapindikira mkati. Kale akanatambasula dzanja n'kuikonza, Asisi aone asaone. Anadzifufuza mumtima ngati wofufuza kiyi m'chikwama, n'kupeza zomwe ankapeza miyezi yonseyi: dzanzi, ngati la mkono umene waugonera. Ntchitoyi inamuphunzitsa kuika mtima pashelefu akamalowa m'nyumba za anthu. Palibe amene anamuphunzitsa kuutsitsa akaweruka.

"Sangakufunse," Mzime anadziyankha yekha. "Amayi si munthu wofunsafunsa."

* * *

Kuchipinda anapeza Wakwaya atakhala m'mphepete mwa bedi, mbale ya supu m'manja, akuimba chapansipansi. Wakwaya anali mwana wa mnzawo wa Amayi wa kutchalitchi, mtsikana wa mawu okwera ndi mano oyera, amene Asisi ankamutchula kale mlamu, ati mongocheza. Chiyambire matendawa sankajomba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chovuta china n'chakuti mtsikanayo sanali woipa mtima: ankachapa mashiti oipitsidwa osakwinya nkhope, ankapesa Amayi tsitsi, ankadziwa nyimbo zimene amazikonda. Kudana naye kunkafuna mphamvu zimene Nesi analibe.

"Supuni imodzi yokha, Amayi, mupeze mphamvu. Paja munalonjeza kuti mukachira mudzandisokera diresi."

Amayi anatsegula pakamwa, anameza, maso ali kudenga.

"Mwadzuka bwanji, a Nesi?" Wakwaya anatembenuka n'kumwetulira kwake konse. "Koma sopo wanuyu! Ndimangomumva paliponse. Dzulo Mzime atandiperekeza kunyumba, m'galimoto monse munali iyeyu."

"Ndi sopo wa m'golosale. Amagula aliyense."

"Eetu. Mwina Mzime nayenso wayamba kusambira wachizimayi." Anaseka, koma maso sanaseke nawo.

"Ndikufuna ndiwasambitse Amayi. Mutipatseko mpata."

* * *

Nesi anatseka chitseko ndi mawindo, anayesa madzi ndi chigongono. Mankhwala opha ululu anali atawapatsa atangolowa, kuti pofika powatembenuza akhale atayamba kugwira ntchito. Anayamba nkhope, kenako khosi, kenako mikono. Mbali imene sankaisambitsa ankaifunditsa thaulo, chifukwa manyazi sadwala khansa. Asanagwire paliponse ankanena kaye: tsopano dzanja lamanja, Amayi, tsopano ndikukwezani pang'ono.

Amayi anali telala moyo wawo wonse. Makina awo osokera anali pakona atafunditsidwa nsalu, pamwamba pake pataimikidwa mabotolo a mankhwala.

"Diresi logonera ili ndinasoka ndekha," anatero. "Ndinadziyeza ndekha. Lero tingalowemo awiri, ine ndi inu, mpata n'kutsalabe."

"Mwachepadi thupi."

"Ehe. Mwavomera. Ena onsewa amati ndikunenepa." Anadikira kuti Nesi amalize zala. "Dokotala uja alidi patchuthi?"

"Za tchuthi cha dokotala sindikuzidziwa, Amayi."

"Nanga za ine mukuzidziwa?"

Nesi anafinya kansalu, anakaika m'mphepete mwa beseni. Anakoka mpando n'kukhala pansi kuti maso ake alingane ndi a wodwala. Mafunso otere sayankha munthu ataimirira.

"Inuyo mukuona bwanji?"

"Musandibwezere funso langa, ine si mwana wa sukulu. Ndikuchira kapena ayi?"

Mawu a Mzime a pageti aja anadutsa m'mutu mwake ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Anawamva, koma sanamugwire.

"Mukufuna ndikuuzeni zonse, kapena pang'ono kaye?"

"Ine nsalu ndinkadula kamodzi. Zonse."

"Matendawa sachira, Amayi. Achipatala anafika pamene akanathera. Chimene chatsala, chimene ine ndikubwerera kuno, n'chakuti musamve ululu, mukhale aukhondo, ndiponso musakhale nokha."

"Ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku sindilidziwa, ndipo wokuuzani tsiku akunama. Koma ngati pali zimene mukufuna kunena kapena kukonza, musazisungire chaka chamawa."

Panja wina ankakuntha kapeti. Nesi anangoika dzanja lake pafupi ndi la Amayi, osaligwira, kuti akafuna aligwire okha. Patapita kanthawi analigwira.

"Ana opusa," anatero Amayi, mawu atasasa. "Ndakhala ndikumeza supu wa mwana wa eni ake kuti asaone kuti ndikudziwa. Iwo kundinamiza ine, ine kuwanamiza iwo. Kutopetsa kwake!" Misozi inatsikira cham'mbali n'kulowa m'makutu. "Madzi aziziratu awo. Malizani msanawo."

* * *

Uthenga wa Mzime unalowa madzulo, Nesi ali m'basi akuchokera kwa wodwala wina.

"Wawauza chiyani?"

"Zimene anandifunsa."

"Akana supu. Auza Asisi kuti makina osokera apite kwa mwana wa neba amene akuphunzira utelala. Asisi adzitsekera kubafa akulira."

"Ululu ulipo?"

"Ndikukuuza kuti nyumba yapasuka, iwe ukufunsa za ululu?"

"Ukakhalapo uwapatse a m'botolo labulauni, mlingo umene ndinakuonetsa. Usadikire kuti abuule."

Foni inaonetsa kuti akulemba. Inasiya. Inayambiranso.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

"Unandipempha ziwiri. Chachiwiricho ndikusungabe."

Basi inaima, anthu anatsika, ena anakwera. Mayi wina anamukhazika chikwama pamiyendo osapempha, Nesi n'kuchigwirira.

"Unalira n'komwe powauza?"

Analemba kuti ayi, anafufuta. Analemba kuti pepa, anafufutanso, chifukwa sanali kupepesa zimene anachita. Ali mkati moyang'ana malo opanda kanthuwo, anaona kuti Wakwaya waika chithunzi chatsopano: dzanja lake litagwira la Amayi pamwamba pa bulangete, ndipo chakumapeto kukuoneka mkono wa mwamuna wovala wotchi. M'munsi mwake analemba kuti banja limaoneka pamavuto. Wotchiyo Nesi anaidziwa. Anaisankha yekha, n'kukangana ndi wogulitsa za lamba wake.

Anadikira kuti chinachake chimupweteke. Basi inapitirira pamalo ake otsikira iye akudikirabe.

* * *

Kutacha, Asisi anamudulira njira kukhitchini asanafike kuchipinda. Maso awo anali otupa, koma mawu anali akuthwa ngati kale. Mzime anaima pafupi ndi sinki, kapu ya tiyi m'manja. Wakwaya ankapukuta mbale imodzimodzi yomwe inali itauma kale.

"Khalani pansi, a Nesi. Kapena musakhale, sititenga nthawi. Anakutumani ndani?"

"Anandifunsa okha."

"Akakufunsani poizoni muwapatsa? Munthu amadya, amaseka, amakamba za madiresi. Lero wayang'ana kukhoma. Mwawapha mtima, thupi lingotsatira. Ndi ntchito yanu kumene, si choncho? Mukaona munthu akuchedwa mumamufulumizitsa kuti mupite nyumba ina."

"Asisi," anatero Mzime.

"Iwe khala chete. Unamubweretsa ndiwe."

Mzime anagwetsa maso m'kapu yake. Wakwaya anamulanda kapu m'manja, anathiramo shuga, anatakasa, anamubwezera. Anachita zonsezi mosafulumira, kuti aliyense aone kuti amadziwa mlingo wake wa shuga.

"Kusadya si chifukwa cha zimene ndawauza," anatero Nesi. "Thupi likafika apa limakana lokha. Kuwakakamiza kumangowapweteka, mwinanso kutsamwa. Muziwanyowetsa milomo, muziwapatsa zimene apempha."

"Tamverani! Tsopano tiwamane ndi chakudya chomwe." Asisi analoza chitseko. "Ndaimba kale kuofesi kwanu kuti atumize wina. Wamtima wa munthu."

Nesi ananyamula chikwama chake. Anali atathamangitsidwapo m'nyumba zina, ndipo ankadziwa kuti wolira amafuna pomenya, ndipo khansa ilibe tsaya.

Kenako kuchipinda kunamveka supuni ikugogoda kapu. Ngwe, ngwe, ngwe. Wakwaya anathamangirako, ndipo anabwerera nkhope itagwa.

"Akuti akufuna a Nesi. Akuti wina aliyense asawagwire, ngakhale ine. Akuti mukabweretsa nesi wina, iwo samwa mankhwala."

Asisi anakhala pansi pampando umene anamana mlendo uja.

* * *

Atamaliza kusintha zofunda, Nesi anapita kuseri kwa nyumba kukayanika mashiti. Mzime anamutsatira, n'kuima kuseri kwa shiti yonyowa kuti asaoneke pawindo.

"Ukudziwa zimene andiuza usiku?" anatero. "Akuti, mwana wanga, wavutika kundinamiza, pepa. Iwo kupepesa ine."

"Ndiye unatani?"

"Ndinalira ngati mwana. Anandigwira mutu. Takamba zinthu zimene sitinakambepo chibadwire. Za bambo, za nyumba ino, za ine." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye sindikudziwa ngati ndikuthokoze kapena ndisakuonenso."

"Ndipatse mapegi."

Anamupatsa. "Ukuona? Zimenezi. Ine ndikutuluka magazi, iwe mapegi. Asisi amati ulibe mtima, ine ndimakutchinjiriza. Koma nthawi zina ndimakuyang'ana n'kumadzifunsa kuti, ine nditagona pabedi paja, iwe ungandiyesenso madzi ndi chigongono n'kupita nyumba ina?"

"Ndikalira m'chipinda muja, Amayi ayamba kunditonthoza ine. Atopa kale kutonthoza inu."

"Nanga kunja kuno? Kuno kulibe wodwala."

Nesi anakanikiza pegi pakona ya shiti. Akanatha kumuuza kuti nayenso amadikira, kuti amakhala pabedi pake atavala yunifolomu mpaka njala itamukumbutsa kuti ndi munthu. Koma mawuwo anali kutali, ngati katundu wa pamwamba pa kabati.

"Kukhitchini sunanene kanthu," anatero m'malo mwake.

"Ukanafuna ndinene chiyani, Wakwaya ali pomwepo?"

"Shuga anakwana?"

"Usayambe. Mtsikana uja amangothandiza."

"Akudziwa za ife, Mzime. Amanunkhiza galimoto yako ngati wapolisi. Asisi akudziwa. Amene sakudziwa m'nyumba muno ndi munthu mmodzi yekha, ndipo alibe nthawi yodikira mwezi wamawa wako uja."

"Ndiwauza. Angopeza kaye mpumulo. Dzulo lomweli alandira nkhani imodzi, ndiwasenzetsenso ina?"

Chitseko chakuseri chinalira. Wakwaya anasuzumira. "Mzime, Asisi akukufuna. A Nesi, mashitiwo mukanangondisiyira, ndi ntchito ya ife apanyumba."

* * *

Masana ake Amayi anali maso, ululu utagona. Anapempha kuti windo litsegulidwe. Nesi anawanyowetsa milomo ndi thonje, kenako anakhala kumiyendo kwa bedi, anaika phazi lawo pathaulo pamiyendo pake n'kuyamba kulidzoza mafuta, kuchokera kuchidendene kupita kuzala. Nkhope ya Amayi inali itamasuka kuposa masiku onse amene Nesi anaidziwa.

"Usiku wapitawu ndagona," anatero. "Tulo teniteni. Inu mwandimasula, a Nesi. Mulungu akupatseni mwamuna wabwino."

"Zikomo, Amayi."

"Ndaganizira mawu anu aja, akuti ndisasungire chaka chamawa. Makina ndapereka. Mwana wanga wamkazi ali ndi banja lake, ndi wamakani, sangafe ndi njala. Watsala mzime wangayu." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Munthu wokonza mafiriji a anthu, koma batani la shati yake lomwe limamukanika. Ndikapita, mlongo wake adzamulamulira mpaka imvi. Ndikufuna ndimusiye m'manja mwa munthu."

Zala za Nesi zinaima pachidendene, kenako zinapitiriza.

"Mtsikana woimbayu wapirira. Wachapa zimene mwana wobereka ndekha amathawa. Supu wake ndi woipa, koma aphunzira. Ndinkati zidikire ndichire, ndimusokere diresi ndi manja angawa. Diresi ndalephera. Koma mphete ndingaione. Ndatuma kale kuti abusa abwere mawa, adzawapempherere pompano ine ndikuona."

"Mzime mwamuuza?"

"Ameneyo ndikamuyamba nkhaniyi amangoti tiona, Amayi, tiona. Tiona liti? Koma ndaona chinthu chimodzi. Inu mukamalankhula amamvera. Amaima njo, makutu tcheru, ngati mwana pamaso pa aphunzitsi. Mumuuze ndinu. Mumuuze mmene munandiuzira ine, mosazungulira, kuti nthawi palibe."

Nesi anayang'ana nkhope yomasukayo. Anadikira funso. Linali lapafupi kwambiri: kodi mwana wanga ali ndi wina? Kodi inu muli ndi wanu? Akanangofunsa, iye akanakoka mpando n'kuyankha. Koma Amayi sanafunse kanthu. Anali atatseka maso, akumwetulira pang'ono ngati munthu amene wamaliza kupinda mpendero womaliza, ndipo chitseko chimene wodwala sanatsegule, nesi sakankha.

"Amayi," anayamba.

Koma dzanja la Amayi linali litafika kale pasupuni. Ngwe, ngwe, ngwe.

Mzime analowa akupukuta manja pabuluku. Kumbuyo kwake kunabwera Wakwaya, ndipo pakhomo panaima Asisi, manja atapinda pachifuwa, nkhope ya munthu amene nkhaniyi waimva kale ndipo yamukomera.

"Bwera, mwana wanga, khala apa," anatero Amayi. "Iwenso mwanawe, yandikira, ima pambali pake. A Nesi ali ndi mawu ndi iwe, Mzime. Uwamvere bwino. M'nyumba muno ndi okhawa amene sanandinamizepo."

Mzime anakhala pansi n'kumuyang'ana, asakudziwa kanthu. Onse anamuyang'ana. Phazi la Amayi linali likadali m'manja mwake, lofunda, lopepuka ngati la mwana.

"Yankhulani, a Nesi," anatero Asisi ali pakhomo. "Paja inu simuzungulira."